Tsamba Linafa pa Tsiku Loyeza Mapewa

San Bartolo de las Lomas
14 Malichi 2023

Okondedwa achemwali anga Rosaura,

Tulo tandithawa, achemwali. Ndikati nditseke maso ndimaona tsamba loyera la pa kompyuta lija ndi kamzere kake kamodzi ka mawu akuda, kenako ndimaona nkhope ya mwana wathu Wílmer, ndiye ndimangodzuka n'kugwira kolona mpaka kunja kuyere. Ndayesa kukuimbirani kangapo, koma foni ikangoyamba kuitana ndimaidula, chifukwa nkhaniyi pakamwa siituluka mwadongosolo. Ndaona kuti ndilembe, Don Rufino wonyamula katundu uja akupatsireni pamanja pamodzi ndi tchizi ndi khofi akafika uko ku Los Angeles. Muwerenge mutakhala pansi, ndipo musandiweruze musanafike kumapeto.

Kuno m'thupi tili bwino ndithu, tithokoze Ambuye. Bondo langa lija limangovuta ndikagwada nthawi yaitali, ndipo masiku ano ndikugwada kwambiri.

Inu munachoka tikugawabe malo onyamula machira a chifanizo cha Ambuye ndi mapepala, anthu n'kumamenyana pakhomo la tchalitchi. Zimenezo zinatha Wílmer atatipangira tsamba la pa intaneti, mwaulere, pokumbukira bambo ake malemu Casimiro. Munthu aliyense wofuna kunyamula pa Lachisanu Loyera timamuyeza phewa pamtengo woyezera uja, n'kulemba msinkhu wake pa tsambalo, ndipo makina amaika pamodzi anthu ofanana mapewa kuti machira asapendeke. Mayina onse ndi misinkhu yonse zimakhala m'malo ena amene Wílmer amawatcha nkhokwe, ndipo tsamba limakatunga kumeneko. Makiyi ake, ndiye kuti mawu achinsinsi olowera ku kampani yotisungira zonsezi, tinali nawo anthu awiri: iye monga mmisiri, ine monga mlembi wa bungwe la Abale a Yesu Mnazarete. Anandilembera kalowedwe kake akuseka, amvekere n'zoti ndidzagwiritse ntchito akadzagundidwa ndi basi.

Chinayambitsa zonse ndi mtsikana uja ndinakuuzani pa Khrisimasi, Dámaris, wa mpingo wa Pentekoste wa kuseri kwa msika. Si woipa, ndisaname, moni amapereka bwino. Koma anthu anamuona Wílmer atasenza zokuzira mawu kulowa nazo m'kachisi wawo, ndipo mawa lake tauni yonse inali itamubatiza dzina loti Aleluya. Ku Misa sanasiye kubwera, ankakhala pa benchi ya bambo ake monga kale, koma benchiyo inayamba kukhala ndi malo ambiri. Pa msonkhano wa akuluakulu a bungwe, apulezidenti athu, Don Fulgencio, anamenya tebulo nanena kuti munthu wodya m'nyumba ya anthu otcha Ambuye wathu chidole chamtengo sangasunge makiyi athu, ayenera kulandidwa. Polankhula ankayang'ana ine. Ndinamva mumtima kuti ndatumidwa.

Lachisanu masana, mawa lake kuli kuyeza mapewa, ndinalowa mu ofesi ya kuseri kwa sakirisite n'kutsegula tsamba la kampani imene imatisungira zinthuzi. Ndinasintha mawu olowera, ndipo zinatheka mosavuta moti ndinadabwa. Kenako pansi pake ndinaona enanso, olembedwa kuti ndi a nkhokwe. Ndinaganiza ngati mayi wa pakhomo: ndasintha loko wa kumaso, wa kuseri ndimusiyirenji? Ndinasinthanso amenewo. Ndinaika dzina la Rita Woyera ndi chaka chobadwa cha mwana wanga Marvin kuti ndisaiwale. Ndinatseka makina, n'kupemphera pang'ono, n'kupita kukagula buledi. Kutsegula tsamba lenilenilo kuti ndione ngati likupuma sindinaganizeko n'komwe. Mulungu ndi mboni, achemwali, sindinkadziwa.

Loweruka mzere unazungulira paki yonse. Anthu anabwera a kumidzi ya kumapiri, ena pa mabasi kuchokera ku likulu, abambo atagwira ana awo oti ayezedwe koyamba. Amayi ogulitsa atoli, phala lakumwa lija, anali atayala kale miphika yawo. Tinaika tebulo pakhonde, mtengo woyezera pambali pake, Don Fulgencio atavala mendulo yawo. Ndinatsegula makina. Tsamba lathu lokhala ndi chithunzi cha Ambuye silinabwere. Kunangobwera kuyera, ndi kamzere kamodzi konena kuti tsamba likulephera kulumikizana ndi nkhokwe.

Tinazimitsa n'kuyatsanso. Tinasintha chingwe. Marvin anayesa pa foni yake, anthu a pamzere anayesa pa zawo, kamzere kake komweko. Mayi wina anawaza madzi odalitsa patebulo, mpaka ndinachita kuphimba makina ndi shawelo. Ine ndinakumbukira zimene ndinachita dzulo lake. Ndinanamizira kukatenga cholembera, n'kuthamangira ku ofesi kuti ndibwezeretse mawu akale, koma akalewo sindinawaonepo chiyambire, pamalo pake pankangooneka timadontho. Ndinayesa kulota. Ndinalemba dzina la Casimiro, ndinalemba lanu, ndinalemba ngakhale la Dámaris, Mulungu andikhululukire, ndipo ulendo uliwonse tsamba linali gwa. Ndinabwezera a Rita Woyera n'kutuluka.

Ndinapeza Wílmer atafika, chipewa cha njinga yamoto chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Anali atayesa kulowa ali kunyumba koma anakanizidwa. Anapereka ulemu kwa Don Fulgencio monga mwana woleredwa bwino, n'kunena kuti palibe chimene chafa.

"Mayina onse alipo, bambo. Tsamba likungogogoda ndi kiyi wakale, nkhokwe ikukana kutsegula. Wina wasintha mawu achinsinsi. Ndilowetseni, atoli wanuyo asanazizire likhala litadzuka."

Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo analankhula motsitsa, koma pakhonde paja mawu amamveka.

"Mayi aang'ono, makiyi tili nawo ndife awiri."

Achemwali, maso onse a pamzere anagwera pa ine. Panali amayi amene ndimatsogolera pa kolona, panali ana amene ndinawaphunzitsa katekisimu. Lilime linayenda lokha.

"Ine zinthu zimenezi ndingazidziwire kuti, mwana wanga? Ine ndimangolemba mayina."

Mukaganiza bwino, si bodza lenileni, chifukwa sindinkazidziwadi.

Don Fulgencio anaseka, kuseka kwawo kopanda mano kuja, natembenukira ku mzere.

"Mwamva nokha, abale. Awiri. Mmodzi ndi mayi amene amachapa nsalu za paguwa, winayo ndi Aleluya. Tandiuza, dokotala, matenda wawadziwa bwanji wodwala usanamugwire?"

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti abusa ake amutuma, wina kuti mtsikanayo anamudyetsa chiyani. Wílmer anangobwereza kuti amulole agwire makina, koma Don Fulgencio anati ayi, wabwera pa tsiku loyeza, ayezedwe kaye. Anamugwira pamkono n'kumuimika pamtengo paja. Mwana wanu sanakane, chifukwa awa ndi anthu amene ananyamula bokosi la bambo ake. Anatsitsa kathabwa koyezera mpaka kanakhudza phewa, koma sanaimire pomwepo. Anapitiriza kukanikiza ndi manja awiri, Wílmer n'kumawerama, n'kumawerama, mpaka mawondo anapindika.

"Msinkhu wako ndi umenewu," anatero. "Mlembi, tili ndi gulu la msinkhu umenewu?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anadziyankha okha kuti palibe, ndipo analengeza pomwepo kuti malo a malemu Casimiro, dzanja lamanja kutsogolo potulutsa Ambuye pakhomo la tchalitchi, alibe mwini. Wílmer anatola chipewa chake chimene chinagwa. Podutsa m'paki, anyamata anayamba kuomba m'manja monga amaombera a Pentekoste, ndipo akuluakulu ena anathandizira. Anamuperekeza choncho mpaka pa njinga yake. Sanatembenuke.

Tsiku limenelo palibe anayezedwa. Anthu a kutali anabwerera akutukwana dzina la mwana wanu, ndipo pofika Lolemba a ku famase ndi a sukulu ya masisitere, amene iye ankawasamalira masamba awo, anali atamuuza kuti apeza wina. Pa chitseko chake wina analemba mawu amene sindingawalembe m'kalata.

Ine ndinayamba novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi. Koma novena ili mkati ndinaimbanso foni ku kampani ija, nditatseka chitseko cha ofesi. Anandiyankha mtsikana wa mawu okoma, wolankhula ngati wa ku Colombia. Funso lake loyamba linali lakuti kodi pali amene wasintha mawu achinsinsi posachedwapa. Ndinati ayi. Ndinamva akugogoda makina, kenako anati, "Mayi, kuno zikuoneka kuti anasinthidwa Lachisanu, kenako Loweruka m'mawa anasinthidwanso kambirimbiri. Musaope, zimachitikira aliyense." Ndinalira, achemwali, kulirira mlendo pa foni.

Anandifotokozera ngati mwana. Akuti mawu a nkhokwe amakhala malo awiri: ku nkhokwe komweko, ndiponso m'kafayilo kena kamene tsamba limawerenga lisanapite kukagogoda. Ine ndinasintha loko koma tsamba ndinalisiyira kiyi wakale m'thumba. Ndi zomwe zija ananena Wílmer pakhonde, mawu ake omwewo. Ananditsogolera mpaka ndinakapeza kafayiloko, n'kundiuza kuti ndisakhudze dzina la nkhokwe kapena la wolowa, ndingofufuta mawu akale pakati pa tizizindikiro tiwiri n'kulembapo atsopano. Pamenepo ndi pamene ndinawaona koyamba mawu a Wílmer: chisokonezo cha zilembo ndi manambala chimene sindikanachilota ngakhale mpaka tsiku lachiweruzo. Ulendo woyamba ndinafufuta ndi kachizindikiro komwe, ndipo ngakhale kamzere kaja kanasowa, kunangotsala kuyera kokhakokha. Ndinayesa ndapha zonse. Mtsikanayo anati ndipume, ndibwezere kachizindikiroko. Nditatero, nkhope ya Ambuye inatulukira pa makina, mtanda uli paphewa, akundiyang'ana.

Ndinkafuna kunena zoona tsiku lomwelo, ndikulumbira. Ndinapita kwa Don Fulgencio n'kuyamba ndi mawu akuti tsamba ladzuka, koma ena onse sanandipatse mpata. Anandigwira manja onse awiri, misozi ili m'maso. Lamulungu, Misa itatha, anaima kutsogolo nanena kuti chimene mdani anamanga ndi nzeru za kusukulu, Ambuye amasula ndi mawondo a mayi wosauka. Tchalitchi chonse chinaimirira. Amayi ankandigwira shawelo potuluka. Mukanakhala inu, mukananena pamenepo? Ndiponso ndinakumbukira kuti pa msonkhano paja Don Fulgencio anati makiyi alandidwe Pasaka ikadutsa, osati tsopano. Zikadzaululika adzati sananditume, ndipo mawu awo ndi amene adzamveke.

Za malo a Casimiro sindinapemphe. Don Fulgencio atandifunsa chimene bungwe lingandichitire, ndinangoti zingakhale zachisoni malowo kutuluka m'banja. Iwo ndiwo anatchula Marvin. Mukumudziwa Marvin, anatengera bambo ake, phewa lake limalekeza pachifuwa cha Wílmer, pamene gulu lotulutsa Ambuye ndi la anthu aatali. Tsiku loyeza litabwerezedwa ndinamuonjezera pang'ono polemba, ndipo ndamukonzetsera nsapato zokhuthala pansi. Akapanda kufikabe, kulemera kudzagwera amene ali kumbuyo kwake, koma ndi amuna amphamvu, ndipo mtunda wake ndi waufupi, kuchoka paguwa kufika pamasitepe. Mkanjo wapepo wa malemu, umene munandisungitsa m'bokosi, ndinautulutsa kuti upitidwe mphepo.

Kulapa ndinalapa, musaganize kuti ndikulandira Ukalistia ndi mtima wakuda. Ndinakwera basi kupita ku parishi ya kutsidya kwa mtsinje, kwa bambo mfumu okalamba aja ovutika kumva, chifukwa athu kuno amadya kwa Don Fulgencio Lamulungu lililonse. Ndinawauza kuti ndinakhala chete pamene ndikanalankhula. Anandipatsa ma Tikuoneni Maria ochepa n'kundiuza kuti kukhala chete nthawi zambiri ndi ukoma. Ndinatuluka wopepuka, koma kupepukako kunathera m'basi.

Loweruka lapitali Wílmer anabwera kunyumba. Anandipeza ndikuchapa pa thanki, nsalu za paguwa zili m'madzi. Waonda, achemwali, ndevu sakumeta. Sanakhale pansi, khofi anakana. Anatulutsa foni n'kundionetsa uthenga umene kampani imamutumizira yokha pakasinthidwa chilichonse, wonena tsiku ndi dzina la amene analowa. Dzina lake ndi langa. Unafika Lachisanu lomwe lija, koma iye anauona m'mawa mwake akuthamangira kutchalitchi. Ndiye kuti pamene ankamukanikiza pamtengo paja, unali m'thumba mwake.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanawaonetse.

"Munkanjenjemera, mayi aang'ono. Ndinkadikira kuti munene nokha. Mpaka pa njinga paja ndinkadikirabe."

Ndinamuuza zonse zimene ndinamuchitira kuyambira tsiku limene inu munakwera basi ya kumalire, iye akulira atagwira siketi yanga. Ndinamukumbutsa chikuku, ndinamukumbutsa suti ya Ukalistia woyamba imene ndinasoka ndi manja anga. Anamvetsera zonse osandidula, maso ali pachingwe pamene panali mkanjo wa bambo ake.

"Wafupikatu," anatero.

Ndinati ndangoupinda.

Tsono nkhani ili apa. Lamulungu la pa 26 kuli msonkhano waukulu wa bungwe lonse. Ine ndinamuchonderera kwa Don Fulgencio, musaganize kuti sindinamumenyere nkhondo, ndipo avomera kuti Wílmer akagwada pamaso pa abale n'kuvomera kuti anatseka tsamba chifukwa chosokonezeka mutu ndi mtsikana, amukhululukira. Malo a kutsogolo sangabwerere, koma adzamupatsa gawo lonyamula machira podutsa kumsika, limene timapatsa alendo, ndipo pakapita zaka anthu adzaiwala. Akakana n'kutulutsa foni ija, ine ndatha. Adzandilanda makiyi a sakirisite, nsalu za paguwa adzapatsa wina, Marvin adzachotsedwa asanalawe n'komwe, ndipo m'manja muja adzaombera ine. Ine si mnyamata wa njinga yamoto woti n'kuthawira ku likulu. Ndidzafera m'tauni muno, ndipo amene adzanyamule bokosi langa ndi anthu omwewa.

Nditamuuza zimenezi anati, "Ndifunsa amayi. Chimene anene, ndichita." Sanakuuzeni kanthu mpaka lero chifukwa akuti mumagwira ntchito yolemetsa, safuna kukuonjezerani katundu. Ndinamupempha kuti andilole ndiyambe ndine kukufotokozerani, ndipo anavomera. Ndi mwana wabwino, tinamulera bwino.

Achemwali, ganizani mofatsa. Iye ndi mwamuna, ali ndi luso m'manja, kulikonse akadya. Ndiponso kunena zoona, akanapanda kusenza zokuzira mawu zija palibe chikanachitika, choncho pa kugwadako sikuti adzakhala akunama kotheratu. Ambuye wathu yemwe anasenza mlandu umene sunali wake, ndipo sanatsegule pakamwa. Kodi si mwayi kwa mkhristu kuwatsanzira, makamaka m'nyengo ya Lenti ino? Mwina ndi njira imene Mulungu wakonza yomubwezera kwathu, chifukwa ndamva kuti bambo a Dámaris amuuza kuti kwawo malo alipo, ndipo akapita kumeneko mzimu wake tidzayankha ndife. Inu muli kutali, zonyozeka za kuno sizikufikani. Ine ndi amene ndinatsala, ndi mwana wanu, ndi manda a amuna anu amene ndimawalambula chaka chilichonse. Sindinakuwerengereni, ndipo lero sindikuwerenga. Ndikungopempha mawu amodzi ochokera kwa mayi.

Marvin akupereka moni, akuti mudzaonere pa foni tsiku lotulutsa Ambuye, adzakhala kudzanja lamanja. Akuyeserera kuyenda ndi nsapato zija pabwalo, thabwa lili paphewa, mukanamuona mukanaseka. Iye sadziwa chilichonse, ndipo chonde asadziwe. Amayi a gulu la kolona akupatsani moni, amakutchulani m'mapemphero pamodzi ndi mwana wanu, kuti atembenuke. Utuchi wokongoletsera msewu tayamba kale kuunyika mu utoto, chaka chino pakhomo pathu tiyala maluwa ofiira. Tchizi mudye msanga, ndi wa dzulo.

Za mkanjo, kuti ndisakubisireni kanthu: kupinda kunakanika, nsalu yake ndi yokhuthala, unkatundumuka m'miyendo. Ndinadula. Kansalu kotsalako ndakachapa, ndakasita, ndakaika m'phukusi pansi pa khofi, kuti mukhale ndi chokumbukira amuna anu.

Don Rufino akuti afika kwanu Lachisanu. Muyambe mwaimbira ine musanaimbire Wílmer, kuti tigwirizane mawu omuuza, ndipo chonde Lachitatu la sabata yamawa lisadutse ndisanamve kuchokera kwa inu, chifukwa Don Fulgencio akufuna kudziwiratu ngati aike chogwadira kutsogolo.

Ambuye wonyamula mtanda akusungeni.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Otilia